Nsanza ya matayala isamafike pa sipidomita

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata mu nyuzipepala yathuyi. Ndikudziwa kuti anzanga akamalemba kuno amakhala akudandaula za mafuta, za dola, za mtengo wa feteleza, ndiye wina akaona kalata yangayi aziti bambo awanso zawatani, zinthu zavuta chonchi iwo akulira pulasitiki ya m'galimoto. Ndavomera, ndi kankhani kakang'ono. Koma ineyo ndimadyera galimoto, ndimayendetsa ka Sienta ngati takisi kuchoka ku Area 25 kulowa mtauni, ndipo ndisanayambe zimenezi ndinakhala zaka zambiri mu galaja ndikupopera penti ndi kupolisha magalimoto a eni ake, ndiye ndikaona chinthu chabwinobwino chikuonongeka chifukwa cha kansanza basi, mtima umandiwawa ndithu.

Mwezi wathawu ndinasiya galimoto pa car wash ina, dzina sinditchula chifukwa si iwo okha amene amapanga zimenezi, ine nkupita kukadya nsima. Pobwera ndinapeza galimoto ikuwala, matayala ali bii, mkati mukununkhira bwino, ndinalipira mosangalala mpaka kumuonjezera mnyamatayo kena kake. Vuto ndinaliona madzulo ndikubwerera kunyumba. Dzuwa litapendeka nkulowa pa windo, linagunda pa kagalasi kaja kamene kamaphimba sipidomita, abale inu, zinali ngati kangaude wamangapo nyumba, timizere tozungulirazungulira paliponse, singano ya mafuta osaoneka bwino mpaka ndimachita kusuzumira cham'mbali ngati nkhuku. Masana pamthunzi simungaone kanthu, kagalasi kamaoneka koyera. Timizereti timadikira dzuwa la madzulo kapena magetsi a galimoto ya kumbuyo usiku, nthawi yomwe mukufunitsitsa kuona kuti mukuthamanga bwanji.

Sabata yotsatira ndinapitanso, ulendo uno sindinapite kokadya, ndinakhala pa benchi ngati ndikuseweretsa foni koma diso lili pa anyamata. Ndinaona galimoto ya munthu wina ikutsukidwa. Nsanza imodzi, imodzi yomweyo, yayamba ndi malimu, yapita pansi pa zitseko pamene pamakhala matope ouma, yagwa pansi yatoledwa, yaviikidwa mu ndowa ya madzi ofiira kale, yafinyidwa, kenako ndi iyo yalowa mkati, pa dashibodi, pa sikirini ya wailesi, pa sipidomita, mnyamata akutikita ndi mphamvu zake zonse kuti bwana asangalale. Sindinamukalipire. Mwana uja amagwira ntchito ndi mtima wonse, palibe anamuuzapo kuti chimene akupukutacho si galasi.

Eya, si galasi. Tonsefe timangoti galasi la sipidomita koma pa magalimoto ambiri ndi pulasitiki yotchedwa acrylic, ena amaidziwa ndi dzina loti Perspex, yomwe ija amapangira zikwangwani zowala za mashopu. Opanga magalimoto amaikonda chifukwa ndi yopepuka, imaoneka mbee kuposa magalasi ena, imapindika mosavuta popanga (mukaonetsetsa kagalasi kaja ndi kokhota, anakakhotetsa dala kuti kuwala kusamabwerere m'maso mwa dalaivala), komanso pa ngozi simwazika ngati galasi la pa windo la nyumba. Kuipa kwake ndi kumodzi, ndi yofewa. Tsono fumbi lathu lino la ku Lilongwe, lija limayamba mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, si ufa wamba ayi, muli timchenga tating'onoting'ono, ndipo mchenga wambiri ndi mwala wa quartz. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba wochoka pa 1 kufika pa 10, pamenepo chikhadabo chili pa 2.5, galasi lenileni cha pa 5.5, quartz ili pa 7. Ndiye ngati mchenga umakanda galasi lenileni, nanga pulasitiki? Amayi kumudzi akafuna kuchotsa mwaye kunsi kwa poto amatapa mchenga nkumakwecha, poto nkuyera. Nsanza ya fumbi pa sipidomita ikugwira ntchito yomweyomweyo, kusiyana kwake nkoti apa palibe mwaye woti uchoke, chikuchoka ndi nkhope ya pulasitiki.

Ndipo tisamangoloza anyamata a pa car wash. Ifenso madalaivala ndife oyamba. Uli pa mzere wa mafuta, watopa, waona fumbi pa sipidomita, wangotenga chipewa kapena mkono wa jekete nkupukuta. Ena tishu, ena nyuzipepala, pepani Akonzi, nyuzipepala yanuyi ndi yabwino kuwerenga komanso kupukutira mawindo koma pa pulasitiki ndi mdani. Kupukuta pouma kulinso ndi tsoka lina, pulasitiki imagwira timagetsi tija timapangitsa chipeso kunyamula timapepala, ndiye ukangomaliza kupukuta fumbi lina likubwera lokha kudzamatirira, iwe nkupukutanso, basi mpaka kagalasi kachita nkhungu.

Ndiye zikachitika titani? Anthu ambiri amene ndimacheza nawo pa siteji amaganiza kuti zatha, kugula china basi. Kunena zoona ukayenda ku Malangalanga kapena m'magalaja a ku Biwi ukhoza kupeza sipidomita ya galimoto yophwasulidwa, koma ndi mmene zipangizo zadulira masiku ano, komanso nthawi zambiri kagalasi kokhako sagulitsa, amafuna utenge chonse, ndipo chimene ukagulecho nachonso chinapukutidwapo ndi nsanza ya wina. Pamene timizere tambiri timachoka ndithu ndi manja, kunyumba, Loweruka limodzi m'mawa.

Choyamba yesani ndi chikhadabo. Tsukani kaye malowo, kenako yendetsani chikhadabo mopingasa kamzereko pang'onopang'ono. Ngati chikhadabo chikungodutsa osamva kanthu, kameneko ndi kapamwamba, kachoka ndi polishi. Ngati chikukodwa, kuti tche, ndiye kuti kalowa mkati, polishi yekha angokafewetsa m'mbali kuti kasamaonekere patali koma kutheratu ayi. Izi ndimauza aliyense poyamba kuti asadzanditukwane pambuyo pake.

Chifukwa chake nchoti kupolisha si kumata. Anthu amaganiza kuti polishi amalowa mu kamzere nkukatseka ngati simenti pa mng'alu. Ayi. Polishi weniweni ndi mchenga nayenso, kungoti ndi wosalala kwambiri moti ndi zala simungaumve, ndipo ntchito yake ndi kudya pulasitiki ya m'mbali mwa kamzere mpaka pamwamba ponse patsike kufika pamene kamzere kanalekezera. Ndi zimene amachita kalipentala akapeza thabwa lokumbika, sadzaza dzenjelo, amapala thabwa lonse. Mukamvetsa zimenezi mumvetsanso chifukwa chake kamzere kakuya nkovuta, kuti mukafike pansi pake mukuyenera kudya pulasitiki yambiri, ndipo mukadya malo amodzi okha mupanga kachigwa, manambala a sipidomita aziwoneka opindika ngati mukuwaonera m'madzi.

Mmene ndinapangira pa Sienta yanga ndi motere. Ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango m'mawa dashibodi isanatenthe, chifukwa pa pulasitiki yotentha polishi amauma msanga nkumamata. Ndinayamba ndi kuuzira fumbi, pakamwa pomwepa, kenako kabulashi kofewa kaja azimayi amapakira paudala kumaso, ndinachita kubwereka kwa mayi a kunyumba ndipo mpaka lero sindinabweze. Kenako madzi oyera mu kabotolo kopopera ndi kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale, osati sopo wa ufa wochapira, ameneyo timibulu take tikapanda kusungunuka timakanda. Osapopera pa sipidomita penipeni, madzi akalowa kuseri mudzalira ndi zamagetsi, poperani pa nsalu. Nsalu yake ikhale ya microfibre, zija zofewa zamitundumitundu zimagulitsidwa m'mashopu akuluakulu ngakhale kwa mavenda, koma ikhale yatsopano kapena yochapidwa payokha, muchotsenso kalebulo kamene kamasokeredwa m'mphepete chifukwa nakonso kamakanda. Poyamba musatikite, ingogunditsani nsalu yonyowayo nkukoka ulendo umodzi, pindani, mbali ina, kokaninso. Ntchito yonse ya gawo ili ndi kuchotsa mchenga. Mukapolisha mchenga ulipo ndiye kuti mwangobwereza za mnyamata uja koma ndi mankhwala odula.

Pa nkhani yochotsa kagalasi kapena kupolishira pomwepo, ine ndimakonda kuchotsa. Pa magalimoto ambiri a ku Japan amene tili nawo kunowa, ma Vitz, Passo, Note, Demio, Fit, chophimba cha kunja chimagwidwa ndi timaklipu ndi tisikuluwu tochepa, ndipo kagalasiko kamangokoledwa ndi timano ta pulasitiki m'mbali. Mukakachotsa mumagwira ntchito pa tebulo mwayala thaulo, manja amafika m'makona monse, polishi salowa m'ming'alu. Koma timano timeneto pa galimoto ya zaka 15 yomwe yakhala ikuotchedwa ndi dzuwa la mu Okutobala timakhala tauma, mukakakamiza timangoti thyo. Ndipo mukatsegula musakhudze masingano ngakhale pang'ono, komanso ngati mwazula mawaya a kuseri musatembenuze kiyi, magalimoto ena amayatsa kagetsi ka airbag komwe kamafuna kompyuta kuti kazime. Amene mukuona kuti manja anu ndi olemera, siyani pomwepo, matani tepi ya pepala ija timagwiritsa ntchito popenta kuzungulira m'mbali monse. Tepiyo musainyozere, polishi akagwera pa pulasitiki yakuda yokhakhala ija amauma nkusiya zoyera zomwe mudzazikwecha ndi mswachi mpaka dzanja kuwawa.

Polishi wake ndi uti? Alipo opangidwira pulasitiki yeniyeni. Wodziwika kwambiri ndi PlastX wa kampani ya Meguiar's, palinso Novus amene amabwera m'mabotolo atatu, nambala 1 wongotsukira ndi kuwalitsa, nambala 2 wa timizere tapamwamba, nambala 3 wa tozamirapo, ndipo 3 akagwiritsidwa ntchito amafuna 2 abwere pambuyo kudzafufuta mapazi ake. Kuno sapezeka paliponse, ine wanga anandibweretsera mlamu wanga wa ku Joni pa basi, botolo limodzi lakwanira magalimoto a anzanga angapo ndipo likadalipo. Ngati mulibe wa ku Joni, pitani kumene amagulitsa penti wa magalimoto mufunse polishi womalizira, wosalala kwambiri uja, osati rubbing compound wokhakhala amene timayambira pa penti watsopano, ameneyo pa acrylic asiya nkhungu yoposa imene munali nayo.

Kadontho ngati njere ya chimanga pa nsalu yopinda kanayi, ndikwanira. Tikitani ndi zala ziwiri kapena zitatu, mphamvu yake ngati mukupaka mafuta mwana kumaso, osati ngati mukuchapa jinzi. Ena amati zungulizani, ena amati yendani mowongoka, ine ndimayenda mowongoka, kumanja kumanzere kenako mmwamba mmunsi, chifukwa ngati kamchenga kena kanatsalira, kamzere kowongoka kamaoneka dzuwa likachokera mbali imodzi yokha pomwe kozungulira kamaoneka kulikonse kumene dzuwa lili. Mphindi imodzi kapena ziwiri, pukutani ndi nsalu ina youma yoyera, yatsani tochi ya foni muunike cham'mbali, osati kutsogolo, cham'mbali ndi kumene timizere timaonekera. Mukaona tachepa bwerezani. Ine ndinabwereza kasanu ndi kamodzi. Pa ulendo wachitatu ndinatsala pang'ono kutaya mtima chifukwa zimaoneka ngati palibe chikusintha, koma paja amati kuona maso a nkhono nkudekha, pofika kachisanu kangaude uja anali atasamuka.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi la Colgate. Eti amati mankhwala otsukira mano amachotsa? Amachotsa pang'ono, si bodza, chifukwa namonso muli timchenga tosalala totsukira mano. Woyera wamba uja, osati wa jelo kapena wokhala ndi timibulu. Pa kagalasi ka wotchi kapena timizere tochepa kwambiri amathandiza, koma sanapangidwire zimenezi, nthawi zina amasiya kankhungu kake, ndiye yesani kaye pakona pamene sipaoneka. Brasso ena amamutama, ine ayi, muli ammonia ndi mafuta osungunula zinthu, pa chitsulo ndi mfumu koma pa pulasitiki ndi kuchita juga.

Tsono kamzere kozama kaja kokodwa chikhadabo. Njira ilipo, sandipepala ya m'madzi, koma apa ndiye ndikupempha kuti amene sanagwirepo ntchitoyi ayambe wayeserera pa chinthu china, kaya chikwangwani chakale, kaya kagalasi kosweka kotola ku galaja. Sandipepala nambala ikamakwera ndiye kuti ikusalala, 80 ndi ya matabwa ndi dzimbiri, apa tikunena za 2000 kenako 3000, ngati kamzere kakana mukhoza kuyambira 1500 koma osatsikanso pamenepo. Muiviike m'madzi kaye, pamalopo pakhale ponyowa nthawi zonse, ndipo mudye malo otakata, osati pa kamzere pokha, paja tanena za kachigwa. Mukamaliza kagalasi konse kayera mbuu ngati kathiridwa ufa, ndipo apa ndi pamene anthu amagwira kumutu kuti ndaononga. Simunaononge, polishi ndi amene abweze kuwala, kungoti ndi manja zimatenga nthawi, mkono umachita kuwawa. Izi zichitike kagalasi kali pa tebulo, osati m'galimoto.

Za makina, chonde. Ndinaonapo mnzanga wina atamangirira siponji ku dirilo kuti amalize msanga. Acrylic imayamba kufewa ikangodutsa pang'ono madigiri 100, ndipo siponji yothamanga ikaima malo amodzi kutentha kumeneko kumafika mu kanthawi kochepa chifukwa pulasitiki simwaza kutentha ngati chitsulo, kumangounjikana pomwepo. Anangoona pakwinyika ngati chipsera cha moto. Pamenepo palibenso polishi angathandize. Chimodzimodzi timavidiyo ta pa Facebook ndi TikTok tija munthu akuyendetsa moto wa gasi pa pulasitiki timizere nkumazimiririka, amakuonetsani masekondi khumi amene zinayenda bwino, sakuonetsani dashibodi imene inapindika.

Koma chimene chimandiopsa kuposa nsanza ndi mankhwala, chifukwa za nsanza zimakonzeka, za mankhwala ayi. Thina ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo amene muli acetone, zimenezi zikangokhudza acrylic kapena pulasitiki yakuda yonyezimira zimaisungunula pamwamba, pamachita mbuu nthawi yomweyo ndipo chala chimamata. Ndinaonapo munthu akufuna kuchotsa guluu wa sitika ndi thina, sitika inachoka, sipidomita inapita nayo. Sipiliti ndi sanitaiza ndi achiwembu kwambiri chifukwa tsiku loyamba saonetsa kanthu. Mukukumbuka nthawi ya Covid mu 2020 ndi 2021 mmene timapoperera sanitaiza paliponse m'matakisi, pa chiwongolero, pa zitseko, pa dashibodi? Sanitaiza wabwino amakhala ndi alcohol wopitirira 60 peresenti, ndipo alcohol akamakhudza acrylic kawirikawiri amaiyambitsa timing'alu tating'onoting'ono tamkati, makamaka m'makona ndi pafupi ndi timano pamene pulasitiki ndi yokokeka kale. Timing'alu timeneto mukayendetsa chikhadabo simumva kanthu chifukwa tili mkati, mukhoza kupolisha mpaka Khrisimasi sitichoka. Mankhwala opopera otsukira mawindo amene muli ammonia nawonso asafike pamenepo. Onjezani perefyumu wa m'galimoto wamadzi uja timakoleka pa mphepo ya AC, akadontha pa pulasitiki yonyezimira amadya, komanso mafuta odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, mukadzola m'manja nkugwira pulasitiki chidindo cha chala chanu chimatsala pomwepo mpaka kalekale.

Nanga sipuleyi wonyezimiritsa dashibodi uja anyamata amakonda kuthira mpaka chiwongolero kumaterera? Ine ndimakana. Amasiya mafuta amene amagwira fumbi, fumbi lija nkudzapukutidwa ndi nsanza, mwaona mmene zikuzungulira. Komanso dashibodi yonyezimira imaonekera pa windo la kutsogolo masana, ukuyendetsa ukuona dashibodi yako pamsewu.

Ndinenepo za pulasitiki yakuda yonyezimira ija amaitcha piano black, imene yadzaza m'magalimoto atsopanoko, pozungulira giya, pa wailesi, pa mabatani a mawindo. Pa chithunzi cha pa intaneti pamene mukuitanitsa galimoto imaoneka ngati ya mabwana, ikamafika pa Songwe itayenda msewu wonse kuchokera ku Dar es Salaam, mafoni, makiyi ndi mabotolo zikugubuduka pamenepo, imakhala yayamba kale kukalamba. Amene anaganiza zoika chinthu chakuda chonyezimira pamalo poponya makiyi ndi makobidi sanakhaleko kumalo a fumbi, ine ndimatero. Chakuda chimaonetsa kamzere kalikonse chifukwa kamzere kamabalalitsa kuwala nkumaoneka koyera, pa chakuda choyera sichibisika. Kapolishidwe kake ndi komweko, kutsuka, tepi, kadontho, kudekha, koma pali msampha umodzi. Zina ndi zakuda mpaka mkati, zina ndi penti wakuda wokutidwa ndi vanishi pamwamba, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Ife opopera penti timadziwa kuti vanishi ngakhale wa kunja kwa galimoto ndi wopyapyala kuposa pepala la mu kope, ndiye mukalimbikira malo amodzi, makamaka m'mphepete ndi pa makona, mubowola. Mukaona nsalu yanu yayamba kuda lekani pomwepo muone kaye chikuchitika nchiyani. Sandipepala pa piano black ine sindiika. Ndipo samalani ndi tizilembo toyera ta P, R, N, D ndi ta pa mabatani, tina ndi tongodinda pamwamba, polishi amatinyambita. Mukamaliza pakani ka wax pang'ono, ndipo amene angathe amatepo kapepala koonekera kotetezera kaja kapena angokuta ndi sitika yosanyezimira, apo ayi pakatha mwezi muli pomwe munayambira.

Sikirini ya wailesi yokha ndiye musaipolishe, ndabwereza, musaipolishe. Mawailesi aja amabwera ndi magalimoto a ku Japan, olankhula Chijapani aja, amene FM yake imathera pa 90 mpaka timachita kuika kachipangizo kuti tigwire mawailesi akuno, ambiri pamwamba pake pali kapepala kofewa ka pulasitiki kamene kamamva chala, ndipo masikirini ambiri ali ndi kokutira kochepetsa kunyezimira. Polishi amachotsa kokutirako malo amodzi, pamatsala chigamba chowala pakati pa sikirini, choipa kuposa kamzere kamene mumalimbana nako. Pamenepo nsalu yofewa yonyowa pang'ono basi, ndipo ngati yakandika kale matanipo kotetezera ngati ka pa foni, kamabisa timizere tambiri. Magalimoto ena odula kagalasi ka sipidomita nakonso kamakhala kokutidwa chonchi, nchifukwa chake ndimati yambani pakona nthawi zonse.

Kwa amene mukugula galimoto kwa munthu, dziwaninso kuti mafuta aliwonse, a Vaseline ngakhale ophikira, akapakidwa pa pulasitiki yokandika timizere timabisala, chifukwa mafuta amadzaza timizereto kuwala nkumadutsa osabalalika. Masiku awiri atatu mafuta auma kapena agwira fumbi, zonse zabwerera. Ndiye mukaona mkati mukunyezimira modabwitsa yendetsani chala, chikatuluka chonona mudziwe kuti pali chimene chabisidwa.

Pempho langa lenileni Akonzi likupita kwa eni ma car wash, poti masiku ano ali pa ngodya iliyonse, ndipo ndi bwino, achinyamata akupezapo ya sopo m'malo mongokhala. Koma bwana amagula mashini opopera madzi, amagula huva, amamanga shedi yokongola, nkulephera kugula nsalu. Nsalu! Mitundu itatu basi, yofiira ya matayala ndi pansi, yabuluu ya bodi, yachikasu ya mkati, ndipo ya mkatiyo ikagwa pansi isabwererenso m'galimoto mpaka itachapidwa. Ndowa ya mkati ikhale yakeyake. Mnyamata watsopano akabwera, mphindi khumi zokha kumuonetsa kuti ichi ndi galasi, ichi si galasi, apa umagunditsa, apa sutikita, apa sipafika sipuleyi. Anyamatawa amalipidwa potengera magalimoto amene atsuka ndiye amathamanga, ukawapatsa nsanza imodzi agwiritsa ntchito imodziyo, mlandu si wawo. Ndipo mwini car wash wochenjera akhoza kuphunzitsa mnyamata mmodzi kupolisha mapulasitiki amenewa bwinobwino nkumalipiritsa padera, makasitomala alipo, ingoyang'anani ma sipidomita a matakisi pa siteji iliyonse muone. A TEVETA nawonso ataganizirako kamaphunziro kafupi ka zotsuka ndi kusamala magalimoto sizingakhale zoipa, ntchitoyi yalemba achinyamata ambiri.

Ine pa car wash paja sindinasiye kupita, amatsuka bwino kunja ndipo ndi pafupi. Kungoti pano ndimayenda ndi nsalu yanga yachikasu mu kajumbo mu kabati ya kutsogolo, ndikafika ndimamuuza mnyamata uja kuti iwe panga zonse koma kuyambira pa chiwongolero kupita kutsogolo ndi kwanga. Poyamba anakhumudwa, amaona ngati ndikumuganizira zakuba. Ndiye tsiku lina ndinamuitana, ndinayatsa tochi ya foni pa sipidomita ya galimoto ina imene anali atangomaliza kupukuta, nkuunika cham'mbali. Anayang'ana kanthawi, nkuti, "Bwana, ndiye ndapanga ndine zimenezi?" Ndinati iwe ndi anzako ndi mwini wake yemwe. Loweruka lapitali ndinamupatsa nsalu ziwiri ndi polishi pang'ono mu kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndamuuza ayambe wayeserera pa kagalasi kosweka kamene ndinatola ku galaja. Pa Sienta yanga patsala kamzere kamodzi kozama pamwamba pa nambala 60, kameneko ndinakapanga ndekha ndi kiyi chaka chatha ndikuloza singano ya mafuta kwa pasenja amene amakana kuti mtengo wakwera, ndipo ndakasiya.

Ine wanu,
Dalaivala wa takisi,
Area 25, Lilongwe